Fani ya hita ndi AC ikasiya kuzungulira: momwe mungadziwire ngati vuto ndi mota kapena regulator

Fani imene imakankha mphepo m'galimoto ikafa, ambiri amathamangira kukagula resistor kapena regulator yatsopano, kachipangizo kamene kamasintha sipidi ya fani. Akaika, fani imayambanso kuzungulira, koma pakangopita milungu ingapo vuto lomwe lija limabwerera. Chifukwa chake n'chakuti kachipangizo kameneka nthawi zambiri sikamangopsa kokha. Pamakhala chimene chakapsereza: mota yotopa, fyuluta ya mphepo yotsekeka kapena pulagi yokhwepa. Choncho mukamagwira ntchitoyi mufufuze zinthu ziwiri, chimene chafa ndi chimene chachipha. Musaione mopepuka nkhaniyi, chifukwa fani yomweyi ndi imene imachotsa nthunzi pa galasi lakutsogolo mvula ikamagwa, ndipo woyendetsa amene sakuona bwino msewu ali pangozi.

Momwe moto umayendera

Moto umachoka ku batire, kudutsa pa fyuzi, kenako pa relay (switchi imene imatsegulidwa ndi magetsi), n'kufika ku mota. Fyuzi ya fani imakhala yaikulu, kawirikawiri ya 25, 30 kapena 40 amp, popeza motayi imakoka moto wambiri. Pa sipidi yomaliza mota yabwinobwino imakoka pakati pa 10 ndi 20 amp. Mota yeniyeniyo imakhala pansi pa dashibodi, pa magalimoto ambiri kumbali ya wokwera, kuseri kapena kunsi kwa glove box.

Chimene chimasintha sipidi chili cha mitundu iwiri, ndipo muyenera kudziwa kuti galimoto yanu ili ndi uti musanayambe kuyeza chilichonse. Magalimoto amene ali ndi switchi yopotokola yolembedwa 1, 2, 3, 4 amakhala ndi resistor. Mkati mwake muli timawaya topiringizika kapena kabolodi kophwatalala kamene kamachepetsa moto wopita ku mota, ndipo moto wochepetsedwawo umasanduka kutentha, ngati mmene waya wa mbaula yamagetsi amafiirira. N'chifukwa chake resistor amaimangirira m'njira ya mphepo, kuti fani iziiziziritsa. Pa sipidi yomaliza moto sudutsa mu resistor ayi, umapita ku mota mwachindunji. Mfundo imeneyi muisunge, ikuthandizani kwambiri.

Magalimoto amene mumangosankha kutentha kumene mukufuna, fani n'kumadzisinthira yokha sipidi, amakhala ndi regulator. Iyi ili ndi transistor yaikulu yomatidwa pa chitsulo cha aluminiyamu chokhala ndi mano kapena minga, choti chizitaya kutentha. Imalandira lamulo kuchokera ku panelo ya AC kudzera pa waya woonda, n'kumatsegula kapena kuchepetsa moto wa mota molingana ndi lamulolo. Pa BMW amaitchula final stage unit, ndipo eni ake a E39 ndi E46 amaidziwa bwino. Magalimoto ena atsopano ali ndi mota yopanda mabulashi (timakala timene timapereka moto ku mbali yozungulira ya mota) imene regulator yake ili mkati mwa mota momwemo, moti ikafa mumasintha zonse pamodzi.

Zimene zizindikiro zikukuuzani

Musanamasule sikuluwu ngakhale imodzi, khalani pa mpando, tsegulani kiyi, yesani sipidi iliyonse mukumvetsera.

Fani ikamazungulira pa sipidi yomaliza yokha, fyuzi, relay ndi mota zonse zikulandira moto, ndipo woyamba kumukayikira ndi resistor. Pa mtundu wofala kwambiri, sipidi 1 imadutsa mu timawaya tonse titatu, sipidi 2 mu tiwiri, sipidi 3 mu kamodzi. Kawaya koyambirira kakaduka, imafa ndi sipidi 1 yokha. Komalizira kakaduka, kapena kafyuzi ka kutentha kamene kali pa resistor kakapsa, zimafa zonse zitatu. Koma ngati 1 ndi 3 zikugwira ntchito pamene 2 yokha ndiyo yafa, resistor ya mtundu umenewu singachite zotero. Yang'anani switchi kapena kachitsulo ka waya wa sipidi imeneyo mu pulagi.

Zikatembenuka, kuti masipidi otsika alipo koma yomaliza palibe, funani relay kapena fyuzi yapadera ya sipidi yomaliza, imene magalimoto ena ali nayo, apo ayi switchi yapsa mkati pamene pamadutsa moto wambiri.

Fani imene imakwera n'kutsika yokha, kapena imene yakakamira pa sipidi yaikulu osamva batani, imaloza ku regulator. Transistor ikapsa n'kugwirana mkati, moto umangodutsa osaletseka. Pa magalimoto amene regulator imalandira moto wa batire nthawi zonse, fani imatha kumazungulirabe kiyi mutachotsa, m'mawa n'kupeza batire latheratu. Mukaona zimenezi zulani fyuzi ya fani mpaka tsiku limene mudzakonze.

Fani imene imayamba mukagwera m'dzenje kapena mukamenya kunsi kwa dashibodi ndi dzanja, mabulashi ake atha, kapena pulagi yakhwepa. Kulira kwa "tswii" makamaka pa sipidi yotsika ndi ma bearing ouma. Kugogoda kapena kunjenjemera kwa dashibodi kumatanthauza kuti m'mapiko a fani mwalowa masamba, pepala kapena zinyalala za makoswe.

Pali vuto linanso limene anthu amalinamizira fani. Ngati mukumva mota ikuzungulira mwamphamvu koma mphepo ikutuluka yochepa, mota ndi regulator zilibe mlandu. Onani fyuluta, kapena timakomo ta mkati tosinthira kumene mphepo ikupita. Mphepo ikamatuluka yambiri koma yosazizira, imeneyo ndi nkhani ya gasi ndi kompuresa ya AC.

Zida ndi chitetezo

Mufunika multimeter, tesita ya babu, mawaya awiri onenepa bwino otalika mita imodzi kapena iwiri, limodzi la iwo likhale ndi fyuzi ya 30 amp pakati, masikuludiraiva, masoketi ang'onoang'ono monga 7, 8 ndi 10, ndiponso makiyi a Torx pa magalimoto ambiri a ku Ulaya. Ngati mungapeze mita yopana waya yoyeza amp a DC, ntchito ifupika kwambiri. Musayese kuyeza moto wa fani kudzera mu multimeter wamba, chifukwa ambiri amathera pa 10 amp ndipo fyuzi yake ipsa nthawi yomweyo.

Kuseri kwa glove box kumadutsa mawaya a airbag, amene mapulagi ake amakhala achikasu. Amenewo musawabaye ndi tesita, musawayeze n'komwe. Pomasula zinthu pafupi nawo, chotsani kaye waya wa negative pa batire n'kudikira mphindi zingapo. Muubwezeretse pokhapokha mwafika poyeza.

Yambani ndi fyuzi ndi relay

Batire likhale ndi mphamvu: 12.4 mpaka 12.6 volt injini itazima, pafupifupi 14 ikulira. Pezani fyuzi ya fani pa chithunzi cha pa chivundikiro cha bokosi la mafyuzi. Imalembedwa BLOWER, HEATER kapena HTR, ndipo pa magalimoto ambiri zimakhala ziwiri, yaikulu ya mota ku boneti ndi yaing'ono ya panelo mkati. Musaiweruze ndi maso okha. Kiyi ali wotsegula, gusani tesita pa timitu tiwiri ta chitsulo timene tili pamsana pa fyuzi. Kuyaka mbali zonse ziwiri ndiye kuti ili bwino, kuyaka mbali imodzi ndiye kuti yapsa.

Mukaika ina ya nambala yomweyo n'kupsanso pompo, pali shoti kapena mota yagwira. Zulani pulagi ya mota n'kuyesanso: fyuzi ikapirira, vuto lili mu mota. Kuika fyuzi yaikulu kuposa yolembedwa, kapena kumangapo kawaya, n'kuyatsa moto kuseri kwa dashibodi, kumene kuli pulasitiki ndi thonje lokhalokha. Musachite zimenezo ngakhale kwa tsiku limodzi.

Relay ndi yosavuta. Ikani chala pamwamba pake wina akuyatsa fani, mumva ikugunda. Komabe kugunda sikutsimikizira kuti moto ukudutsa, chifukwa timano ta mkati timatha kupsa. Njira yachangu ndiyo kuisinthanitsa ndi ina yofanana nayo ndendende, monga ya hutala, n'kuona ngati fani yadzuka.

Kuyeza pa mota

Apa ndi pamene nkhani imagamulidwa, ndipo ndi pamenenso anthu ambiri amasocherera. Tsitsani glove box kapena chotsani chivundikiro cha kunsi mpaka muone pulagi ya mota, imene imakhala ndi mawaya awiri onenepa.

Yezani pulagi ili yolumikizidwa, polowetsa timano ta mita kumbuyo kwake kumene mawaya amalowera. Chifukwa chake ndi ichi: resistor imachepetsa voteji pokhapokha moto ukuyenda. Mukazula pulagi n'kuyeza, muona 12 volt pa sipidi iliyonse, n'kuganiza kuti resistor siikugwira ntchito pamene ili bwinobwino. Regulator zambiri nazo sizionetsa zoona ngati palibe mota yoti ziyendetse.

Chachiwiri, ikani timano tonse tiwiri ta mita pa mawaya awiri a mota, osati kamodzi pa waya kena pa chitsulo cha galimoto. Magalimoto ambiri, makamaka a ku Japan, amapereka moto ku mota nthawi zonse kiyi akatsegulidwa, ndipo sipidi amaisinthira ku mbali ya earth. Pa galimoto yotere, fani ili yozima, mupeza 12 volt pa mawaya onse awiri mukayeza molozera ku chitsulo, chifukwa moto wadutsa mu mota koma ulibe kolowera. Limenelo si vuto.

Tsopano sinthani sipidi mukuyang'ana mita. Pa sipidi 1 muona mavolt ochepa, mwina 4 kapena 5, ndipo azikwera mpaka kuyandikira voteji ya batire pa sipidi yomaliza. Manambala enieni amasiyana malinga ndi galimoto, chofunika n'chakuti azikwera. Ngati pa mawaya awiriwo pali 12 volt koma mota ili duu, mota yafa kapena timano ta pulagi sitikugwira. Igogodeni pang'ono ndi chogwirira cha sikuludiraiva. Ikadzuka, mabulashi atha, ndipo kugogodako ndi umboni chabe, sikukonza.

Ngati palibe voteji, fufuzani mbali imene yasowa. Yezani waya aliyense molozera ku chitsulo choyera cha galimoto kuti muone ngati moto ukufika, kenako onani earth. Pano multimeter imanama nthawi zina. Waya amene watsala ndi kaulusi kamodzi ka mkuwa, kapena pulagi yadzimbiri, imaonetsabe 12 volt chifukwa mita sikoka moto. Lumikizani babu la nyali yakutsogolo la 55 watt m'malo mwa mota. Limeneli limakoka pafupifupi 4.5 amp, ndipo likayaka mofooka kapena osayaka pa sipidi yomaliza pamene mita inati 12, mwapeza kuti penapake m'njira pali polumikiza powola.

Kuti mudziwe mbali yowolayo, yatsani fani pa sipidi yomaliza n'kuyeza kuchokera pa positive ya batire kufika pa waya wa moto wa mota. Kusiyana kusapitirire theka la volt. Chitani chimodzimodzi kuchokera pa negative ya batire kufika pa waya wa earth. Mukapeza volt yathunthu kapena kuposa, tsatirani wayayo: bawuti ya earth yadzimbiri, relay yopsa timano, switchi yotha.

Kuipatsa mota moto mwachindunji

Zulani pulagi ya mota, lumikizani waya wanu wa earth, kenako gusitsani waya wokhala ndi fyuzi uja wochokera ku positive ya batire. Mota yabwino imanyamuka nthawi yomweyo mwamphamvu. Ngati mwaitulutsa kale, igwireni zolimba kapena ipaneni, chifukwa imadumpha poyamba ndipo mapiko ake amacheka zala. Izi ndi za mota ya mawaya awiri yokha. Ya mawaya atatu kapena anayi ili ndi zamagetsi mkati, ndipo mukalakwitsa waya muipsereza.

Kuzungulira kokha sikokwanira kuti muikhulupirire. Mota yotopa imazungulirabe koma ikukoka moto wopitirira muyeso, ndipo imeneyi ndi imene imapha resistor ndi regulator motsatizana. Ibwezereni m'malo mwake, panani waya mmodzi ndi mita ya amp, yatsani pa sipidi yomaliza. Yezani ili m'chibokosi chake, chifukwa ikakhala panja imakoka mosiyana. Nambala ikamayandikira ya fyuzi, mwachitsanzo 27 amp pa fyuzi ya 30, kapena ikamakwera pang'onopang'ono mota ikamatentha, isintheni.

Mulibe mita yoteroyo? Manja ndi mphuno zikuuzani zambiri. Masulani masikuluwu atatu kapena anayi amene amaigwira (ina imangopotokoledwa n'kutuluka), zungulitsani mapiko ndi chala. Ayenera kuyenda mosalala n'kupitirira pang'ono mukawasiya. Ngati akulimba, akukhulana kapena akuima pomwepo, ma bearing atha. Gwedezani shafti cham'mbali, isasewere. Suzumirani kumene kuli mabulashi: fumbi lakuda lambiri, timizere ta mkuwa todyeka mpaka kupanga ngalande, ndi fungo la waya wopsa zonse zikunena chinthu chimodzi. Kudontheza oyilo pa bearing kumathetsa phokoso kwa kanthawi, koma bearing imene yadyeka siibwerera.

Mukaona timakilipu tachitsulo tomatidwa pa mapiko, musatichotse poyeretsa. Anatiika ku fakitale kuti fani isamanjenjemere.

Kuyeza resistor

Resistor imakhala pafupi ndi mota, yomangidwa ndi masikuluwu awiri pa chibokosi cha mphepo, ndipo pulagi yake imakhala ndi mawaya anayi kapena asanu. Izuleni fani itazima kwa kanthawi, chifukwa imawotcha. Ikani mita pa ohm, gusanitsani kaye timano ta mita kuti muone nambala ya mawaya a mita yeniyeniyo, mwina 0.2 kapena 0.3, yoti muzichotsera. Yezani kuchokera pa kachitsulo kopita ku mota kufika pa kena kalikonse. Manambala amakhala ang'onoang'ono, kuyambira pansi pa ohm imodzi kufika pa atatu kapena anayi, ndipo aliyense akhale wosiyana ndi mnzake. Pamene mita yalemba OL, pamenepo paduka.

Nthawi zambiri timawaya timakhala tamoyo, chapsa ndi kafyuzi ka kutentha, kachitsulo kakang'ono kosongoka mbali imodzi komangidwa pambali pake. Kamaduka kutentha kukapyola digiri imene yalembedwa pa thupi lake, ndipo ntchito yake ndi kuteteza galimoto kuti isayake. Ena amakadumphitsa ndi waya, fani n'kuyamba. Kumeneko n'kuchotsa chitetezo chokhacho chimene chinalipo pamene vuto lotenthetsa lidakalipobe. Ngati mukufuna kukasintha, pezani ka digiri yomweyo ndipo mukapane ndi kachitsulo kopanira mawaya. Kuwotcherera ndi soda (mtovu wolumikizira mawaya) kumakapsereza musanakagwiritse n'komwe ntchito, komanso soda imatha kusungunuka pa kutentha kwa pamalopo.

Musayendetse fani resistor ili lende panja kupitirira masekondi ochepa. Popanda mphepo yoiziziritsa, yatsopano imapsa muli kuyang'ana.

Kuyeza regulator

Regulator simungaiweruze ndi ohm. Mumaigamula poona zimene zikulowa ndi zimene zikutuluka. Pa pulagi yake pamakhala mawaya onenepa a moto, earth ndi mota, komanso woonda mmodzi kapena awiri ochokera ku panelo. Tsimikizani kaye moto ndi earth pogwiritsa ntchito babu lija. Kenako, zonse zili zolumikizidwa, yezani waya woonda mukukweza ndi kutsitsa sipidi pa panelo.

Pa magalimoto ena muona voteji ikukwera pang'onopang'ono ndi batani lililonse. Pa ena lamulo limabwera ngati moto woyaka n'kuzima mofulumira kwambiri, umene amautcha PWM. Mita wamba ionetsabe nambala yosintha, koma yokhala ndi poyezera % kapena Hz ndi imene ionetse bwino. Magalimoto atsopano ambiri amalankhula ndi regulator pa waya wa mauthenga a kompyuta wotchedwa LIN, ndipo pamenepo multimeter singakuuzeni zimene zikunenedwa. Pamafunika kompyuta yoyezera galimoto, imene imatha kulamula fani kuti izungulire ndi kuwerenga makodi a panelo ya AC. Waya woondayu musamuyeze ndi tesita ya babu kapena kumupatsa 12 volt, mungaononge panelo, imene ndi yovuta kuipeza kuposa regulator.

Moto ulipo, earth ilipo, lamulo likusintha, mota mwaiyesa payokha ndipo ndi yabwino, koma voteji ya pa mota siikutsatira: regulator yafa. Ngati lamulo silikusintha kapena kulibiretu, regulator isiyeni, tsatirani waya kubwerera ku panelo.

Chimene chinaipha

Yang'anitsitsani pulagi ya resistor kapena regulator ndi tochi. Pulasitiki yofiirira, yotupa kapena yosungunuka, ndi timano takuda kapena tobiriwira, zikusonyeza kuti panali kukhwepa. Kachitsulo kokhwepa kamatentha, kutentha kumakafewetsa, kakafewa kamakhwepa kwambiri, mpaka pulagi yonse kupsa. Kulowetsa regulator yatsopano mu pulagi yotere n'kuitaya. Dulani pulagiyo muike ina, mawaya akhale onenepa mofanana ndi akale, polumikiza mupane zolimba n'kuvindikira ndi chubu chofota ndi moto.

Tulutsani fyuluta ya mphepo ya mkati. Ambiri opanga magalimoto amati izisinthidwa pa makilomita 15,000 mpaka 30,000 kapena chaka chilichonse, ndipo kumene kuli fumbi lambiri imatsekeka msanga kuposa pamenepo. Fyuluta ikatsekeka mphepo yodutsa pa resistor imachepa, makamaka pa sipidi 1 ndi 2 pamene resistor imatentha kwambiri koma fani ikukankha pang'ono. Poika yatsopano tsatirani muvi wolembedwa m'mbali mwake.

Onaninso madzi. Kunsi kwa galasi lakutsogolo, pamene pali mawaipa, ndi pamene fani imakokera mphepo, ndipo pali timabowo totayira madzi a mvula. Masamba akatseka timabowoto, madzi amasefukira mu fani, kuchititsa dzimbiri ma bearing ndi kunyowetsa regulator. Kapeti yonyowa kumapazi kwa wokwera, kapena mzere wa dzimbiri pa thupi la mota, ndi chizindikiro chake. Paipi yotayira madzi a AC nayo ikatsekeka imabweretsa zomwezo. Tsegulani monsemo musanaike chipangizo chatsopano.

Pogula, tengani nambala yolembedwa pa chakalecho, chifukwa galimoto za mtundu umodzi zimatha kukhala ndi mota ndi regulator zosiyana malinga ndi chaka, mtundu wa AC, ndi mbali imene kuli chiwongolero. Ngati mota yapezeka kuti ikukoka moto wambiri ndipo regulator yapsa, sinthani zonse ziwiri tsiku limodzi. Mota yatsopano ikabwera yopanda mapiko, sunthani akale mosamala ndipo muwakhazike pa msinkhu womwe anali pa shafti, apo ayi azikhula chibokosi. Mukaona kuti mota yatsopano ikulira bwino koma mphepo ndi yochepa, onani ngati mawaya awiri aja sanatembenuzidwe: fani yamtunduwu ikamazungulira chobwerera imatulutsabe mphepo, koma yofooka.

Musanabwezeretse glove box, lizani injini, yesani sipidi iliyonse, kenako siyani fani pa sipidi 1 kwa mphindi 10 ndi pa yomaliza mphindi zina 10. Gwirani mapulagi ndi mawaya onenepa. Kufunda pang'ono kulibe kanthu, koma pamene simungathe kusiyapo chala pali polumikiza pamene sipanagwire bwino, ndipo mupakonze musanatseke dashibodi.